Mtanda wa Mjeremani Pamsana Panga

Tsiku limene tinathawa ndinali m'munda wa tiyi, dengu kumsana. Inali nyengo yozizira ya 2008, pakati pa zisankho ziwiri za pulezidenti za chaka chimenecho. Tiyi anali atachepa. Tinkathyola timasamba tiwiri ndi kansonga, zala zili gwa ndi mame. Ine ndine Falesi. Ndinabadwira pa esiteti pomwepo, m'chigwa cha Honde, m'komboni ya anthu ochokera ku Nyasalande ndi ana awo. Inu amene munabadwa zitatha izi, mumve bwino, chifukwa nkhaniyi sindikonda kuibwereza.

Dzuwa litangobalalitsa nkhungu, tinamva nyimbo kumsewu wa kumunsi. Sinali nyimbo ya kutchalitchi. Anali anyamata a chipani cholamula, akuthamanga pamzere, zibonga m'manja. Kapitawo wathu anavula chipewa n'kuchivalanso. Anatiuza kuti tisiye madengu pomwepo. Tiyi wanga sanakwere pasikelo tsiku limenelo.

Kuti mumvetse chimene anyamatawo ankafuna kwathu, ndiyambe ndi mtanda.

M'nyumba mwathu munali mtanda wachitsulo, wakuda, wa mkombero woyera ngati siliva. Unali waung'ono, wokwana m'chikhatho cha mwana. Mikono yake inayi inali yotambasuka kunsonga, ngodya zake zakuthwa. Kumaso kwake kunali chisoti chachifumu, chilembo cha W ndi chaka cha 1914. Ababa anaulandira kwa atate awo, agogo athu amene sitinawaone. Agogowo anali mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani, mmodzi mwa anthu amene ankagwidwa m'midzi kuti azisenza katundu wa asilikali. Iwo ndi mnzawo anapatsidwa msilikali wa Chijeremani wovulala, wogwidwa ndi Angerezi, kuti amunyamule pamachira. Anamusenza m'mapiri masiku ambiri. Mzunguyo anafera panjira. Asanatsirizike anaika mtandawo m'manja mwa agogo.

Ife tinkauyesa mtanda wa tchalitchi. Pakhomo pathu panali mwambo wake. Munthu akamanyamuka ulendo, ababa ankamumangira mtandawo m'khosi ndi chingwe, mkati mwa malaya. Ndipo popemphera, akatha kutchula akufa athu, ankawonjezera kuti, "Mukumbukirenso Mjeremani wa atate anga, amene dzina lake mukulidziwa ndinu."

Ine sanandimangirepo. Ndinapitapo ku Mutare kukafuna mankhwala a amayi asanamwalire, ndinapita khosi lili lokha. Koma mng'ono wanga Chipo, sukulu yogonera komweko ikangotsegulira, mtanda m'khosi. Ndinkachita nsanje, sindibisa. Ine ndinasiya sukulu kuti ndizithyola tiyi, iye aziwerenga. Ababa akati "mwana wanga" osatchula dzina, tonse tinkadziwa amene akumunena.

Chipo ndiye anaonetsa mtandawo kwa mphunzitsi wake wa mbiri yakale. Mphunzitsiyo anautembenuza m'manja n'kuseka. Anati si wa tchalitchi, ndi mendulo imene Ajeremani ankapatsa msilikali wolimba mtima pankhondo. Basi, Chipo moto unamugwira. Anayamba kufufuza. Mphunzitsi uja anamubwereka mabuku, tsiku lina anapita naye ku Mutare kukaona zithunzi pakompyuta. Patchuthi ankakhala pakhonde ndi ababa, akuwafotokozera kuti mitandayo inali ya magulu awiri, kuti wathu ndi wa gulu lachiwiri chifukwa uli ndi kamphete kolowetsa nsalu. Ababa, munthu amene moyo wake wonse anathera kuponya zikuni m'boyila ya fakitale, ankamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Undipezere dzina lake, mwana wanga," anatero tsiku lina. "Ndi chimene anachita kuti amupatse. Ndatopa kupempherera munthu wopanda dzina."

Ine ndinali pambali kutsuka mbale. Ndinkazigunditsa dala. Palibe anacheuka.

Chipo anali ndi pakamwa. Anauza sukulu yonse. Nkhani inachoka kusukulu, inakafika kumashopu a ku Ruda, ndipo pobwerera kukomboni inali itavala malaya ena. Ankati mkulu wa kuboyila ali ndi mendulo ya azungu, anawamenyera nkhondo, ndiye anamupatsa mphotho. Palibe amene anafunsa kuti nkhondo yake iti. Mzungu ndi mzungu, mendulo ndi mendulo. Kale lomwe ankatitchula maBhurandaya, anthu opanda kwawo, ovotera chimene bwana wanena. Chaka chimenecho nkhani yotere inali yokwana kumuphetsa munthu.

Ndiye m'mawa uja nditasiya dengu ndinathamangira kukomboni. M'mizere ya nyumba ya kumtunda munali kufuka utsi. Kunali ali ndi mwana agwiritse. Mayi wina anandidutsa atasenza wailesi, mwana akumukoka dzanja limodzi. Pakhomo pathu ndinapeza mai a Tendai, oyandikana nafe, akunong'oneza ababa.

"Akufunsa za mendulo. Akuti wogulitsa dziko aitulutse."

Ababa anali atangoweruka, phulusa likadali m'nsidze. Chipo anali pakhomo, poti sukulu inali itatsekedwa aphunzitsi atathawa. Ababa analowa kuchipinda, anatuluka ndi mtanda.

"Ababa, ponyani m'chimbudzi chinthu chimenecho," ndinatero.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anamuitana Chipo. Mfundo anaimanga kawiri. Anaulowetsa mkati mwa bulauzi yake ya sukulu, n'kuika dzanja pamutu pake. Analisiya pamenepo kanthawi. Ine ndinaima pafupi kwambiri, khosi langa lili pomwepo.

"Falesi, mng'ono wako uyo. Mukafike kwa azakhali anu ku Chipinge."

"Nanga inu?"

"Akapeza nyumba yopanda munthu akutsatirani. Pitani."

Miyendo yawo inali yotupa kuyambira kale, sakanatha kuthamanga. Mawu awo omaliza kwa ine ndi amenewo. Sanandigwire ngakhale paphewa.

Tinadzera kuseri kwa zimbudzi n'kulowa m'munda, liwiro la mtondo wadooka. Chigawo chimenecho tiyi anali atangodulidwa kumene. Amene sanagwirepo ntchito m'tiyi sadziwa kuti zitsa zake amazidula mopendekera, zimatsala zakuthwa ngati mikondo. Ine ndinkadziwa poponda. Chipo anali atavala mapatapata. Tisanatuluke m'chigawomo, chitsa chinaboola patapata n'kulowa kuphazi. Anakuwa. Ndinamutseka pakamwa ndi chikhatho changa, chonunkha tiyi.

Ndinamumanga phazi ndi duku langa. Anayesa kuponda, anagwa. Nyimbo ija tsopano inkamveka m'komboni mwenimweni. Ndinamasula chitenje m'chiuno, ndinagwada, ndinamubereka ngati khanda. Mtsikana wa Fomu 3, miyendo ikundigunda m'mawondo.

Mtanda ndinaumva titangoyamba kutsetsereka. Poyamba unali ngati kamwala kolowa m'malaya. Unali pachifuwa pake, ndiye unagwera pakati penipeni pa mapewa anga. Ndinamuuza kuti auzunguze, ukhale kumsana kwake. Anati bulauzi ndi yoyera, yopyapyala, uonekera. Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Unakhala pomwepo, pakati pa iye ndi ine.

Tinakwera m'nkhalango ya bulugamu. Pamwamba pa chitunda ndinaima kuti ndipume, tinayang'ana kumbuyo. Komboni inkaoneka yaing'ono. Pamzere wathu panali gulu la anthu, koma sindinathe kuzindikira aliyense. Denga limodzi linkafuka.

"Sisi, ndi lathu lija?"

"Ayi."

Sindinkadziwa.

Kuchokera pamenepo tinayenda m'tinjira ta ku Mandeya, m'minda ya nthochi. Msewu tinaupewa. Masamba ouma a nthochi amachita phokoso ukamaponda, ndiye ndinkayenda m'ngalande, m'matope. Anthu akationa patali ankalowa m'nyumba n'kutseka. Sindiwaimba mlandu. Pamudzi wina tinapeza sitolo yotsekula, yopanda mwini, mashelefu ali mbee, galu atagona pakauntala. Pamudzi wina nsapato imodzi ya mwamuna inali pakati pa bwalo, zingwe zili zomanga.

Chipo ankalemera. Iii, mwana wodya mabuku amalemera! Ndikapunthwa, ngodya ya mtanda inkalowa. Ndikadzuka, inkatuluka n'kukanda pena. Iye ankalira chamumtima, misozi ikundigwera m'khosi. Nthawi ina ananena kuti, "Ababa akadzamva kuti ndavulala adzadandaula." Ndinangopitiriza kuyenda. Ndikanayankha ndikanamutula m'ngalande.

Dzuwa litapendeka, mayi wina wolima m'dimba anatiitana ndi dzanja. Anatifunsa kuti ndife ana a yani. Ndinamusiya Chipo kuti ayankhe, chifukwa Chimanyika chake, chinenero cha kumeneko, chinali choyera, changa chinkanunkha Chinyanja. Mayiyo anatilowetsa m'kachisakasa kosungira nthochi. Anabwera ndi mbatata zophika ndi madzi otentha. Anamutsuka Chipo phazi, akumusisita tsitsi, akuti mwana wokongola chonchi, wa sukulu, dziko lapenga. Mbatata yaikulu anapatsa iye. Ine amene ndinamusenza tsiku lonse ndinali bulu chabe, woimika pakhomo. Ndinadya yanga yaing'onoyo. Ndinagona chafufumimba, chifukwa msana sunkalola.

Kutacha ndinamuberekanso. Mtanda unapeza pamalo pake pomwe paja, ngati unaikapo chizindikiro.

Pafupi ndi Ruda panalibe njira ina koma pamlatho. Anyamata anali atapingasa chipika pamsewu. Maso awo anali ofiira, ena anali ana ndithu, a msinkhu wa Chipo. Aliyense wodutsa ankamuimbitsa mawu a chipani, akupisa m'zikwama, ena kuwavula majekete. Bambo wina anali atamukhazika pansi m'fumbi, nsapato atamuvula. Sankalira. Ankangoyang'ana zala zake za kumapazi.

Tinaimba zimene anatiuza. Anafunsa kochokera, Chipo anayankha ali kumsana, anatchula mudzi wa mayi uja. Mmodzi, wa chipewa choluka, anatizungulira.

"Mutsitse."

Ndinati phazi lawola, tikupita kuchipatala. Anawerama n'kuyang'ana duku langa lija, lakuda ndi magazi, ntchentche zili ng'waa. Anaima nthawi yaitali. Dzanja langa linali pamfundo ya chitenje, pachifuwa. Ndikanangomasula, mtanda ukanaonekera m'bulauzi yake yopyapyala ija.

Pamlatho paja ndinamuda Chipo ndi mtima wanga wonse. Pakamwa pake ndi pamene panatifikitsa apo. Sukulu inali yake, mtanda unali wake, ababa anali ake. Wanga unali msana wokha. Ndinakoka mfundo ija, ndinaimangitsa mpaka mpweya kundithera. Chitsulo chinalowa, ndinamva chofunda chikutsika mpaka m'chiuno. Mnyamata uja analavula pansi, anatikankha kuti tidutse.

Kutsidya kunali lole yopakira nthochi. Pokwera kamtunda ndinapunthwa, ndinatukwana m'Chinyanja, mawu amene sindingawanene pano. Dalaivala wake, mkulu wa imvi wochokera ku Mozambiki, anaseka n'kundiyankha m'chinenero chomwecho. "Kwerani, ana anga. Mugone pansi pa masamba." Pamenepo ndi pamene ndinamasula chitenje. Manja anga anakana kuwongoka. Mkuluyo anatifikitsa ku Mutare, anakalankhula yekha ndi kondakitala wa basi ya ku Chipinge. Dzina lake sindinafunse.

Azakhali athu aNaphiri, mlongo wawo wa ababa, ankagulitsa mazira ophika pamalo okwerera basi ku Chipinge. Atationa anataya beseni. Anthu anamunyamula Chipo, anathamanga naye kuchipatala. Aliyense ankakamba za phazi. Ine ndinatsatira m'mbuyo, nditanyamula patapata lake limodzi. Ndinakhala pakhonde la chipatala mpaka azakhali atatuluka n'kunena kuti phazi silidulidwa.

Titafika kunyumba anandiikira madzi osamba. Bulauzi yanga inakana kuvuka, inali itamatirira kumsana. Ndinawaitana. Anainyowetsa ndi madzi amchere, akuikoka pang'onopang'ono.

"Mayo ine! Chakuluma n'chiyani, mwana iwe?"

"Mtanda wa mwana wa ababa."

Ndinalira pamenepo, kulira kumene sindinalire panjira ponse. Ndinanena zonse. Ndinati ababa ali ndi mwana mmodzi, ine ndine wantchito. Ndinati ngakhale tsiku la imfa anasankha Chipo. Ndinati sanandimangirepo ngakhale kamodzi.

"Iwe ndiwe chitsiru," anatero azakhali, akufinya kansalu. "Mtanda uja unachoka m'manja mwa munthu amene sanafike kwawo. Atate athu ankaumangira yekhayo amene akumuopera kuti safika. Ine sanandimangirepo. Ankamangira bambo ako, poti anali wodwaladwala. Iwe bambo ako ankadziwa kuti ufika."

"Ndikanakonda akanandiopera," ndinatero. "Kamodzi kokha."

Azakhali anandiweramitsa. Anangodinikiza kansalu ka mchere pabalapo.

Za ababa tinamva patapita masabata, kudzera kwa mai a Tendai. Denga linkafuka lija silinali lathu. Anyamata aja anawapeza ababa atakhala pakhonde, anawatengera kumalo kumene iwo ankagona. Anawamenya kumapazi ndi kumsana, akufuna mendulo. Akuti ababa ankangoyankha kuti mendulo ili paulendo. Atawatulutsa anabwerera kukomboni chokwawa. Kuboyila sanabwererenso. Anamwalira mvula isanagwe. Amuna a m'komboni anawaika kumanda a esiteti, pansi pa mibulugamu. Ife njira inali isanatseguke, sitinaponye dothi.

Chipo anachira, amangotsimphina pang'ono kukazizira. Anamaliza sukulu, ndi mphunzitsi tsopano, wa mbiri yakale yomweyo. Kufufuza kuja sanakusiye. Ndikuganiza kuti ankaona ngati akapeza dzinalo, pakamwa pake pakhululukidwa. Anatumiza zithunzi za mtanda kwa anthu odziwa za mamendulo, mpaka ku Jeremani komweko. Anamuyankha kuti mitanda yotere inaperekedwa yambirimbiri, ndipo sankalembapo dzina kapena nambala. Anapeza mbiri za asilikali a Chijeremani amene anamenya nkhondo kumbali kwathu kuno, maudindo awo, kumene anamenyera, pamene anavulalira, mamendulo amene analandira. Ofera panjira atagwidwa analipo angapo. Kuti wathu ndi uti, palibe angadziwe. Za agogo ndi mnzawo, amene anamusenza m'mapiri, sanapeze ngakhale mzere umodzi. Atandiuza zimenezo sindinadabwe.

Ine ndinatsala ku Chipinge. Ndinakwatiwa, ndikuthyolabe tiyi pa esiteti ina ya kuno. Lamba wa dengu amadutsa pafupi ndi chipsera, ndiye ndimaikapo kansalu. Chipo sindinamuonetsepo. Ndinkati wadya kale zonse, ichi chokha chikhale changa.

Anachiona mwangozi, zaka zitapita. Anabwera kudzacheza patchuthi, analowa kuchipinda ndikusintha malaya. Anaima pakhomo ngati waona njoka. Anafunsa kuti n'chiyani. Ndinati akudziwa. Anatulutsa mtanda m'chikwama, ndinamva kuzizira kwake pamsana. Akuti ngodya inalowa ndendende.

"Sisi, bwanji simunanene?"

"Ukanatsika n'kuyenda?"

Analira ngati tsiku lija m'tiyi. Anandifumbatitsa mtandawo.

"Tengani. Ndi wanu. Mjeremani anapatsa amene anamunyamula."

Ndinaugwira m'manja. Zaka zonsezo ndinkaulakalaka, ndipo unali wopepuka ngati chitsekerero cha botolo. Chingwe chinali chomwe chija, mfundo ziwiri za ababa zili pomwepo, zakuda ndi thukuta la Chipo. Ndinaziyang'ana mfundozo, nsanje inabweranso yonse, yatsopano ngati ya dzulo. Si kwa Chipo kumene ndinkaufuna. Amene ndinkafuna kuti andimangire ali pansi pa mibulugamu ku Honde.

M'mawa ndinamuperekeza kokwerera basi. Basi inali yakale, matayala osalala, ndipo kumapiri kunali nkhungu. Chipo anaima pamzere akutsimphina, chikwama chili chotsekula monga mwa nthawi zonse. Ndinamuopera kuti safika. Ndinamukokera pambali, ndinamuveka chingwe chija m'khosi, ndinaulowetsa mtanda mkati mwa bulauzi. Ndinaika dzanja pamutu pake, mayi wamkulu, anthu akutiyang'ana.

Anafika bwino. Popemphera ndimatchulabe Mjeremani wopanda dzina uja, chifukwa ababa ankatero. Ndikatha iye ndimatchula agogo, kenako ababa. Chipsera chili pamalo amene sindingathe kudzionera ndekha. Ana anga amati chikuoneka ngati kangodya ka mtanda, ndipo ababa sanachione.